Malipiro a Madamu: Kasamalidwe ka Ndalama Pakhomo pa Mphunzitsi Wamkazi ku Chiradzulu

Mphunzitsi wamkazi wa m'sukulu za boma ku Chiradzulu amalandira malipiro kamodzi pamwezi, koma zinthu zikuluzikulu zimene zimadya ndalama pakhomo pake zimabwera motsata nyengo za chaka. Chimanga chimatsika mtengo anthu akangokolola, n'kudzakwera mvula ili pakati. Feteleza amafunika mwezi wa Okutobala kapena Novembala, nthawi imene mayunifolomu ndi makope a chaka chatsopano cha sukulu angomaliza kumene kukokolola m'thumba. Disembala ali ndi zake, ndipo Januwale amapeza nkhokwe zambiri zili pululu. Mayi amene amawerengera ndalama zake kuchoka pa malipiro a mwezi uno kufika pa a mwezi wamawa basi, miyezi yovutayi imamupeza chimanjamanja chaka ndi chaka, ndipo amathamangira ngongole. Luso loyamba pa kasamalidwe ka ndalama pakhomo lagona pa kuona chaka chonse nthawi imodzi.

Anthu odya pa malipirowa

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 356,875 m'boma la Chiradzulu, limene ndi laling'ono ndithu poyerekeza ndi maboma ena, choncho anthu akhala mothithikana ndipo minda ndi ing'onoing'ono. M'madera a mafumu monga Kadewere, Likoswe, Mpama, Nkalo, Chitera ndi Ntchema, mabanja ambiri a Alomwe, Ayao ndi Amang'anja amatsata chikamwini. Mwana wamkazi amakhala pamudzi pa mayi ake, pamene alongo ake amakakwatira kwina kapena amapita ku Limbe, ku Blantyre ngakhale ku Joni kukafuna maganyu. Mwambo umati mwini mbumba ndi malume, koma zinthu zikathina anthu amagogoda pa chitseko cha amene ali pafupi ndipo amalandira pakutha pa mwezi. Nthawi zambiri ameneyo amakhala madamu.

Pali chinanso chimene chinawonjezera katundu pamutu pa amayiwa. Edzi inasakaza kwambiri boma lino, moti bungwe la Médecins Sans Frontières linasankha Chiradzulu kuti liyambireko kupereka ma ARV m'dziko muno mu 2001. Ana ambiri amasiye a zaka zimenezo analeredwa ndi azakhali, amayi aang'ono ndi agogo, ndipo chizolowezi chakuti wapantchito atengeko mwana wa m'bale wake chinazika mizu. N'chifukwa chake pakhomo pa mphunzitsi amene anabereka ana awiri mutha kupeza mbale zisanu ndi ziwiri nthawi ya nsima.

Palibe cholakwika pa kuthandiza abale. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo aphunzitsi ambiri anafika pamene ali chifukwa wina anagulitsa mbuzi kapena nandolo kuti iwo aphunzire. Chimene chimagwetsa mabanja ndi thandizo lopanda malire ndi lopanda tsiku. Mayi amene wauza makolo ake kuti mwezi uliwonse azilandira ndalama zakutizakuti pa tsiku lakutilakuti, ndipo amasunga pangano lakelo, amathandiza bwino kuposa amene amatumiza kangachepe pa foni nthawi iliyonse wina akaliza, mpaka osadziwanso kuti zonse pamodzi zakwana zingati. Woyambayo makolo ake amatha kukonzekera, ndipo iye amakhala ndi poimira pokana pempho lachisanu la mwezi womwewo. Bwinonso n'kusankha mtundu wa thandizo: kulipirira mwana mmodzi sukulu mpaka amalize, kapena kugulira mayi thumba la feteleza chaka chilichonse, kumasiya chooneka.

Kuwerenga pepala la malipiro

Chiyambi cha ndondomeko iliyonse ndi kudziwa ndalama zenizeni zimene zimalowa. Pa pepala la malipiro pamalembedwa malipiro onse, kenako zodulidwa: msonkho wa PAYE, chopereka cha penshoni kwa amene ali pa ndondomeko yosonkha, chopereka cha ku Teachers Union of Malawi (TUM) kwa mamembala, masheya a ku SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama la mamembala), ndiponso ngongole zimene zimadulidwa ndalama zisanafike ku banki. Aphunzitsi ena amangoyang'ana nambala ya pansi. Amene amawerenga mzere uliwonse ndiwo amatulukira msanga ngongole ikapitirira kudulidwa chikhalirecho inatha, kapena alawansi ya kumudzi ikasowa mwezi wina. Mapepala amenewa ndi ofunika kuwasunga m'fayilo limodzi ndi makalata olembedwera ntchito ndi okwezedwera giredi, chifukwa ndiwo umboni pokadandaula ku ofesi ya maphunziro ya boma ngakhalenso pa nthawi yopuma pantchito.

Ndalama zina siziyenera kuikidwa m'bajeti ya mwezi ngakhale zili zoyenera kulandiridwa. Ndalama za tchuthi zimene zimabwera kamodzi pachaka, ma arrears, ndi malipiro oyang'anira kapena kuchonga mayeso a MANEB zimadziwika ndi kuchedwa. Mu 2017 aphunzitsi m'dziko muno ananyanyala ntchito, ndipo nkhani ina yaikulu inali yomweyi ya ndalama za tchuthi zosalipidwa. Kukongola podalira ndalama zotere kuli ndi ngozi, pakuti chiwongoladzanja chimayamba kuyenda lero pamene ndalamazo sizidziwika tsiku lake. Zikafika, malo ake abwino ndi pa zinthu zapachaka: feteleza, malata, chimanga, kapena kutsitsa ngongole.

Mbali ya zotuluka imafuna kope ndi cholembera basi, zinthu zimene mphunzitsi sasowa. Kwa mwezi wathunthu mayi alembe chilichonse chimene wagula, ngakhale cha K200. Ambiri akachita zimenezi amadabwa, chifukwa ndalama sizithera pa zinthu zimene ankaganizira. Zimathera pa kamafuta ophikira kogula tsiku ndi tsiku m'timapepala, pa kabaza, pa mayunitsi a foni, pa kamulu ka makala, pa ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pa chipepeso cha maliro, pa nsalu ya ukwati ndi perekaniperekani. Zonsezi n'zenizeni ndipo zina sizikanika, koma zikalembedwa zimapatsidwa malire ake.

Kalendala ya chaka

Kope lomwelo likhale ndi tsamba la miyezi 12, ndipo mwezi uliwonse ulembedwe chimene umabweretsa. Ku Chiradzulu tsamba limeneli limaoneka motere: Epulo mpaka Juni ndi nthawi yokolola ndi yogula chimanga, Julayi mpaka Seputembala nandolo amakhwima ndipo maukwati ndi zinamwali zimachuluka, Seputembala sukulu zimatsegulira chaka chatsopano, Okutobala ndi Novembala ndi za mbewu, feteleza ndi aganyu, Disembala ndi wa Khirisimasi ndi alendo, Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, malungo ndi madenga othonya. Mayi akaika mtengo woyerekeza pa chilichonse n'kugawa zonse pa 12, amapeza ndalama imene ayenera kupatula mwezi uliwonse asanagule ngakhale mchere. Ndalama imeneyo isakhale pa foni imene amagulira ndiwo. Ipite kumene kuitapa kumafuna ulendo kapena chilolezo cha anzake.

Pa zonsezi chimanga ndicho chofunika kuchiganizira kwambiri. M'misika ya Mbulumbuzi, Namitambo, Namadzi ndi Njuli, mtengo wa ndowa mwezi wa Meyi ndi wa Febuluwale umasiyana kwambiri, makamaka chaka cha chilala monga cha 2024 pamene El Niño anaumitsa mbewu m'chigawo cha kummwera. Mphunzitsi ali ndi mwayi umene mlimi wamba alibe, woti amakhala ndi ndalama m'manja nthawi imene chimanga chatsika. Banja liwerenge matumba a makilogalamu 50 amene limadya pamwezi, liwonjezerepo la alendo ndi la kumudzi, n'kugula pang'onopang'ono pa malipiro a Meyi, Juni ndi Julayi. Chimangacho chiyanikidwe mpaka chiume gwa, chithiridwe mankhwala a anankafumbwe motsata malangizo a pa paketi kapena chiikidwe m'matumba osalowa mpweya a PICS, ndipo matumbawo asanjikidwe pa timitengo osati pa simenti. Nyemba ndi nandolo wouma amasungika mofanana. Nyumba imene muli ufa ndi nyemba, malipiro akachedwa ndi sabata, ana amadyabe ndipo mayi sapita kwa wakatapila.

Kugula zinthu nthawi yabwino kwakula phindu chifukwa cha kugwa kwa kwacha. Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzatsitsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya sopo, shuga, mafuta ndi feteleza inalumpha pamene malipiro amakwera kamodzi pachaka, akakwera n'komwe. M'nyengo yotere ndalama yongokhala pansi pa matiresi imasungunuka. Amene akufuna kumanga amachita bwino kugula malata awiriawiri n'kumasunga, kusiyana ndi kudikira kuti ndalama ya malata onse ikwane. Simenti yokha ndiyo yosayenera kusungidwa nthawi yaitali chifukwa imauma.

Ngongole

Mphunzitsi wa boma ndi kasitomala wokondedwa wa aliyense wobwereketsa ndalama, chifukwa malipiro ake ndi odziwika ndipo ngongole imatha kudulidwa asanawaone. Othandizira makampani a ngongole amafika mpaka pasukulu ndi mafomu m'chikwama, ndipo amanena za ndalama yodulidwa pamwezi yokha, imene imamveka yaing'ono. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: zonse pamodzi ndidzabweza zingati? Mwachitsanzo, wokongola K300,000 n'kumadulidwa K20,000 kwa miyezi 36 amabweza K720,000. Afunsenso ngati pali ndalama yodulidwa poyamba ya mafomu ndi inshulansi, komanso ngati kubweza msanga kumatsitsa chiwongoladzanja. Zonse zilembedwe, ndipo iye atenge kope lake la mgwirizano. Mabanki, ma SACCO ndi makampani a ngongole zing'onozing'ono amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, ndipo amene waponderezedwa ali ndi ufulu wokadandaula kumeneko.

Msampha woipitsitsa ndi wowonjezera ngongole pa ngongole, umene amautcha top-up. Ngongole ikatsala pang'ono kutha, mphunzitsi amauzidwa kuti atha kutenga ina, yakaleyo n'kudulidwa pa yatsopanoyo. M'manja mumalowa zochepa, koma zaka zodulidwa zimayambiranso. Malipiro otsala akachepa mpaka osafika pakati pa mwezi, mayi amapita kwa wakatapila, amene kawirikawiri amafuna chiwongoladzanja cha theka la ndalama imene wabwereketsa kapena chofanana nayo pakutha pa mwezi umodzi, ndipo ena amalanda khadi la ATM ndi nambala yake yachinsinsi. Apa mphunzitsi amakhala akugwirira ntchito munthu wina. Zotsatira zake zimafika m'kalasi: kujomba pothawa angongole, kusowa tulo, kukwiyira ana osalakwa.

Wokodwa kale ali nayo njira, ngakhale ndi yowawa. Alembe ngongole zonse pa tsamba limodzi, ndi chiwongoladzanja cha iliyonse, asabise ngakhale ya kugolosale. Ayambe kuthana ndi yodula kwambiri, imene nthawi zambiri imakhala ya katapila, ndipo asatengenso ina mpaka mndandanda utafupika. Ngongole yoyenera kutenga ndi imene imasiya chinthu chokhalitsa kapena chobala, monga puloti, maphunziro owonjezera kapena ng'ombe yamkaka. Ya zovala za Khirisimasi ndi ya phwando imatha tsiku limodzi, malipiro n'kumadulidwabe zaka zitatu.

Kosungira

Njira zosungira zimene aphunzitsi amagwiritsa ntchito zilipo zingapo ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Chipereganyu cha m'chipinda cha aphunzitsi, chimene aliyense amasonkha ndalama yofanana n'kupatsa mmodzi mwezi uliwonse, chilibe chiwongoladzanja koma chimathandiza kupeza ndalama yochuluka nthawi imodzi. Mayi wochenjera amapempha kuti mwezi wake ugwere pa nthawi ya chimanga kapena ya feteleza.

Banki m'khonde inayamba ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo lero yafika pafupifupi m'mudzi uliwonse m'dziko muno. Mamembala amagula masheya, amabwerekana, ndipo amagawana pakutha pa chaka. Ubwino wake ndi wakuti phindu limatsala pakati pa eni ake, komanso pamakhala thumba lapadera la matenda ndi maliro. Koma magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pamwezi, chimene ndi chokwera kwambiri munthu akachiwerengera pachaka. K50,000 pa 20 peresenti imabala K10,000 mwezi uliwonse, ndipo amene wabwereka kuti agule ndiwo alibe kumene K10,000 imeneyo ichokere koma m'malipiro omwewo. Amayi ena amalowa magulu atatu kapena anayi, n'kumabwereka uku kuti abweze uko, mpaka tsiku logawana anzawo amadzanyamula mipando ndi ziwiya. Gulu limodzi lokhala ndi malamulo olembedwa, mabuku oonekera ndi makiyi osungidwa ndi anthu osiyana ndi lokwana. Mphunzitsi, poti amadziwa masamu, kawirikawiri amasankhidwa kukhala mlembi kapena msungichuma, ndipo ayenera kukana kusunga ndalama za gulu m'nyumba mwake popanda mboni.

Pa zosunga za nthawi yaitali, SACCO ndi yolimba kuposa zonsezi. Bungwe la MUSCCO, limene limagwirizanitsa ma SACCO m'Malawi, linakhazikitsidwa mu 1980, ndipo pali ma SACCO otumikira aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma monga Mphunzitsi SACCO ndi United Civil Servants SACCO. Masheya amadulidwa pa malipiro, kotero munthu amasunga asanayesedwe kuwononga, amalandira gawo la phindu chaka chikayenda bwino, ndipo ali ndi mawu pa msonkhano waukulu wa pachaka. Ngongole ya ku SACCO nayonso ndi ngongole, ndipo funso la ndalama zonse zobweza limagwira ntchito chimodzimodzi.

Pafunikanso kathumba ka zadzidzidzi kosakhudzana ndi zonsezi. Anthu a ku Chiradzulu sanaiwale mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe, ndipo mabanja ambiri m'boma lonse anataya nyumba ndi mbewu usiku umodzi. Ngozi zambiri sizifika pamenepo. Zimakhala mwana wodwala usiku wofunika galimoto yopita ku chipatala cha boma kapena ku Nguludi, kumene monga chipatala cha mishoni zina zimalipiridwa. Ndalama yokwana kudyetsa banja mwezi umodzi, yosungidwa ku banki kapena pa nambala ina ya foni, imatseka khomo limene wakatapila amalowera. Nambala yachinsinsi isauzidwe munthu, ndipo uthenga wonena kuti wina watumiza ndalama molakwitsa kapena kuti mwapambana mphoto usayankhidwe musanaone nokha zimene zili mu akaunti.

Geni ya pambali

Kuphunzitsa amayi luso lopezera ndalama ndi manja awo si nkhani yachilendo m'boma lino. Ku Mbombwe, kumene John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900, mkazi wake Ida pamodzi ndi mmishonale wa ku America Emma DeLany ankaphunzitsa amayi kusoka. Lero aphunzitsi aakazi amagulitsa mandasi, zitumbuwa, mafirizesi ndi kaunjika, amaweta nkhuku ndi nkhumba, amalima tomato ndi kabichi m'madimba, ndipo ena ali ndi ng'ombe yamkaka, pakuti Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene alimi ake amagulitsa mkaka kudzera m'magulu a Shire Highlands Milk Producers Association. Kuyandikana ndi Limbe kumathandiza pooda katundu ndi pogulitsa.

Geni zambiri zimafa chifukwa mpamba ndi ndalama ya ndiwo zimakhala m'chikwama chimodzi. Geni ikhale ndi kope lake ndi kachitini kake, ndipo mwini wake adzilipire phindu lokha. Awerengerenso zonse: nkhuni, thiransipoti, mandasi amene ana a pakhomo adya, ndi katundu amene anzake atenga pangongole yobweza mwezi ukatha. Malire ena ndi a ntchito. Geni yoyenera mphunzitsi ndi imene imayenda iye ali m'kalasi. Kutuma ophunzira kukagulitsa malonda kapena kuwakakamiza kugula n'kulakwira ana amene makolo awo anawapereka m'manja mwake.

Banja ndi za m'tsogolo

Pakhomo pamene pali bambo, kasamalidwe ka ndalama kamayenda bwino awiriwo akakhala pansi n'kugawana: uyu chakudya ndi sukulu, uyo nyumba ndi munda, ndipo abale a mbali zonse ziwiri athandizidwe modziwitsana. Mayi asalole kutenga ngongole m'dzina lake kuti ndalamazo akayendetse wina, kaya mwamuna kaya mlongo, pokhapokha atakonzeka kuibweza yekha, chifukwa kampani imadziwa nambala ya ntchito ya amene anasaina. Puloti kapena nyumba yomangidwa ndi thukuta lake ikhale ndi dzina lake pa mapepala, ndipo malisiti asungidwe. Ana okulirapo aonetsedwe kope la bajeti kuti adziwe chifukwa chimene nsapato zikudikira mwezi wamawa.

Mphunzitsi amene akukhala m'nyumba ya sukulu akumbukire kuti tsiku lopuma pantchito adzapereka makiyi, ndipo ndalama za penshoni sizifika tsiku lomwelo. Kumanga kuyambe zaka zidakalipo, ngakhale ndi chipinda chimodzi. Lamulo la penshoni la 2011 linakhazikitsa kuti wantchito azisonkha 5 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito aziikapo 10 peresenti, ndipo amene ali pa ndondomekoyi amalemba fomu yotchula anthu odzalandira iye akamwalira. Fomu imeneyi iunikidwenso mwana akabadwa, banja likatha kapena wotchulidwa akamwalira. Chaka chomwecho cha 2011 dziko lino linakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye, limene limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ngakhale zili choncho, wilo yolembedwa bwino ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri imachepetsa mikangano, makamaka pakhomo pamene ana obereka ndi ana olera akulira limodzi.

Maphunziro a zonsezi safuna ndalama zambiri. Aphunzitsi amakumana kale m'malo awo a maphunziro otchedwa TDC pa misonkhano ya zoni, ndipo boma lino lili ndi koleji yophunzitsa aphunzitsi komanso koleji ya zachitukuko ya Magomero. Alangizi a zoni, atsogoleri a TUM ndi ma SACCO apatule ola limodzi pa teremu loti aphunzitsi awerengere limodzi pepala la malipiro ndi mgwirizano wa ngongole, ndipo ayambe ndi amene angolembedwa kumene ntchito, asanasaine fomu yawo yoyamba.